Nyumba ya asilikali a masokosi a silika pa Park Avenue

Mu New York muli nyumba zina zoti ukazipeza koyamba umaima kaye n'kumadzifunsa kuti kodi chimenechi chikutani pakati pa ma fulati ndi masitolo. Njerwa zofiira kapena zoderako, makoma okhuthala, timawindo tating'ono topyapyala, pamwamba nsanja zonga za nyumba za mafumu akale a ku Ulaya, ndipo chinyumbacho chimadya buloko yonse kuchoka msewu uwu mpaka msewu winawo. Amazitcha ma armory. Zinali nyumba za magulu a asilikali a mumzinda, mosungira mfuti ndi zipolopolo komanso moguba perete. Zilipo ku Manhattan, ku Brooklyn, ku Bronx kumene ine ndimakhala, ndipo zambiri anazimanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1900.

Funso limene linandivuta kwa nthawi ndithu ndi lakuti, mdani wake anali ndani? Chifukwa linga lolimba chonchi umamanga kumalire kapena kudoko kumene adani angatulukire, osati pakati pa nyumba za anthu. Yankho lake silokoma kwenikweni. Mdani amene ankamuopa anali mnzawo wa mumzinda momwemo, wogwira ntchito kudoko, kunjanji, kufakitale, munthu wanjala amene tsiku lina akhoza kutopa n'kutola mwala.

Ndikambe za imodzi imene ili pa Park Avenue pakati pa 66th ndi 67th Street, imene masiku ano ikutchedwa Park Avenue Armory. Eni ake anali gulu la Seventh Regiment. Awa sanali asilikali a ntchito yolipidwa mwezi ndi mwezi ayi, anali anthu a ntchito zawo ndi mabizinesi awo amene ankakumana madzulo kudzaguba, ndiye boma likafuna anthu a mfuti limawaitana. Kungoti gulu limeneli linali la ana a mabwana, mayina ake ngati Vanderbilt, Roosevelt, Livingston, Van Rensselaer, mpaka anthu anawapatsa dzina loti gulu la masokosi a silika. Ndipo eni akewo dzinalo sankachita nalo manyazi.

Mbiri yawo ndi anthu wamba a mumzinda inayamba kale nyumbayi isanamangidwe. Mu May 1849 kunabuka chipolowe pa Astor Place, ndipo chifukwa chake mukachimva mutha kuseka, eti anthu anakangana za akatswiri awiri a zisudzo, Edwin Forrest wa ku America ndi William Charles Macready wa ku England, kuti dolo ndani pa masewero a Shakespeare. Koma pansi pake panali zina. Anthu osauka a ku Bowery anali mbali ya Forrest, opata anali mbali ya mngeleziyo, ndipo holo imene ankaseweramo inali ya anthu ovala bwino okhaokha. Khamu linazungulira holo ija n'kuyamba kugenda, apolisi zinawakulira, anaitana asilikali, Seventh Regiment inabwera n'kuwombera m'khamumo. Anthu oposa 20 anafa, ena mwa iwo ongodutsa chabe kapena ongoonerera.

Kenako July 1863, nkhondo ya pachiweniweni ili mkati. Boma linakhazikitsa lamulo lolemba anthu usilikali mokakamiza, koma munali kabowo koti ukalipira madola 300 sukupita. Madola 300 nthawi imeneyo kwa munthu wa maganyu inali ndalama yoti sangaione pamodzi, ndiye aliyense anaona kuti wolemera agula moyo wake, wosauka akafe. Mzinda unayaka kwa masiku anayi. Ndipo apa ndisakometse zinthu ngati kuti osaukawo anali angelo, chifukwa mkwiyo wawo anakauthira pa anthu akuda, anawasaka m'misewu, ena anawapachika, anawotcha nyumba ya ana amasiye achikuda pa Fifth Avenue. Anthu oposa 100 anafa. Seventh Regiment anaiitanitsa kuchoka kunkhondo kuti idzathandize kuzimitsa moto kwawo komwe. Ndiye munthu wakuda wa mu New York sabata imeneyo, kumva kuti asilikali a masokosi a silika afika mwina kunali kupuma. Nkhani zake sizimagona mbali imodzi.

Mu 1877 kunabweranso sitalaka yaikulu ya ogwira ntchito kunjanji, inayambira ku West Virginia n'kufalikira mizinda yambiri, ku Pittsburgh anawotcha masitima ndi ma depoti. Chaka chomwecho mu October ndi pamene anaika mwala wa maziko pa Park Avenue. Mapulani analipo kale sitalakayo isanachitike, koma mutha kuona nokha kuti munthu wopita kukapempha ndalama kwa eni mabanki chaka chimenecho sankafunika kulankhula zambiri.

Ndipo ndalama zake ndi zimene zimasiyanitsa nyumbayi ndi zinzake. Malo anapereka ndi mzinda, koma yomangira anasonkha okha, mamembala ndi mabanja awo ndi makampani a anzawo. Mu 1879 anachititsa chionetsero chachikulu chopezera ndalama ndipo anadzatsegulira ndi pulezidenti wa dziko, Rutherford B. Hayes. Wojambula mapulani anali Charles W. Clinton, nayenso membala wa gululo. Asanabwere kuno ankakhala pamwamba pa msika wa Tompkins Market kumunsi kwa tauni, ndiye mu 1880 anasamukira m'nyumba yawoyawo, kufupi ndi kumene mabanja awo ankasamukiranso. Anthu akamakwera m'mwamba ndi chuma chawo, mfuti nazo zinkakwera nawo.

Mkati mwake ndi mmene mumaonekera bwino kuti anyamatawa ankafuna chiyani. Kutsogolo, mbali ya Park Avenue, si malo a asilikali monga mmene inu mukuganizira, ndi kalabu ya mabwana basi. Kuli chipinda chotchedwa Veterans Room chimene anakongoletsa Louis Comfort Tiffany, katswiri wa magalasi okongoletsa, ndi anzake, Stanford White ali mnyamata anagwira nawo, Candace Wheeler anapanga za nsalu. Pamalo osonkhapo moto anamatapo timagalasi tabuluu, nsanamira anazikulunga ndi matcheni achitsulo, m'mwamba mozungulira khoma muli zojambula za mbiri ya nkhondo kuyambira makedzana, matabwa osemedwa paliponse mpaka diso limatopa. Pansanja yachiwiri kampani iliyonse ya asilikali inali ndi chipinda chake, ndipo ankapikisana kuti chokongola ndi cha ndani, awa alemba ntchito a Herter Brothers, awa a Pottier & Stymus, amene anali akatswiri odula kwambiri a mipando ndi zokongoletsa m'nyumba nthawi imeneyo. Maloko osungira mayunifolomu okha ndi a matabwa oti ena tingawaike pabalaza n'kumaitana alendo kuti adzaone.

Ukadutsa zonsezo n'kulowa kumbuyo ndi pamene umapeza holo yogubira, imene imafika mpaka ku Lexington Avenue. Pafupifupi mamita 60 m'lifupi ndi 90 m'litali, titi bwalo la mpira lochepako pang'ono koma lofoleredwa lonse, popanda nsanamira ngakhale imodzi pakati. Denga lake lagona pa zitsulo zopindika, mamangidwe amene ankagwiritsa ntchito pa masiteshoni akuluakulu a sitima. Chifukwa chake chinali chosavuta, gulu lonse lizitha kuguba ndi kutembenuka popanda kugunda kanthu, kaya kunja kuli chipale kaya mvula. Ndipo ine ndimati chimene chapulumutsa nyumbayi mpaka lero si magalasi a Tiffany ayi, ndi dzenje lalikululi, chifukwa mu Manhattan malo opanda kanthu aakulu chonchi ndi osowa kuposa golide.

Tisawanyoze kwambiri anthu a masokosi a silikawa ngati kuti ankangovina ndi kumwa. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse gululi linasinthidwa kukhala 107th Infantry, linapita ku France, ndipo kumapeto kwa September 1918 pomenya malinga a asilikali a Germany otchedwa mzere wa Hindenburg linataya anthu ambiri zedi m'masiku ochepa. Ukayenda pang'ono kuchoka pa armory kupita ku Fifth Avenue m'mbali mwa Central Park pali chipilala chawo cha mkuwa, asilikali asanu ndi awiri, ena akugwa ena akunyamula anzawo. Chimenecho sichimaoneka ngati cha anthu a kalabu.

Koma ngakhale asilikali adakali momwemo, holo ija inayamba kale kugwira ntchito zina. Mpikisano wa tenesi ya m'nyumba wa dziko lonse la America unkachitikira mmenemo kuyambira 1900 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1960, pa matabwa omwewo ogubirapo. Madansi akuluakulu, makonsati, ndipo kuyambira m'ma 1950 chionetsero cha zinthu zakale zodula cha nyengo yozizira, kumene anthu amagula mpando umodzi ndalama zoti wina amangira nyumba. Maliro nawonso. Mu 1964 thupi la General Douglas MacArthur linagona mmenemo kuti anthu adzaone nkhope. Ndipo mu July 1971 anabweretsa Louis Armstrong, mwana wa m'makwalala osauka a New Orleans, woimba lipenga uja, anthu zikwizikwi anafola pa Park Avenue kudzatsanzikana naye. Ndikaganiza za amene anamanga nyumbayi ndi amene anafola tsiku limenelo, ndimangoti dziko limazungulira ndithu.

Kenako zinthu zinayamba kutha. Nkhondo zamakono sizifunanso anthu oguba mu holo pakati pa tauni, ana a mabwana anapeza makalabu ena, ndipo boma la New York State limene linali ndi nyumbayi silinkaikamo ndalama zokwanira. Denga linayamba kudontha, pulasitala kugwa, zipinda zija zinadetsedwa ndi utsi ndi penti ya anthu ongofuna kuti pawale. Pofika chaka cha 2000 bungwe la World Monuments Fund linaiika pa mndandanda wa malo 100 a mbiri amene ali pangozi kwambiri padziko lonse. Tangoganizani, nyumba ili pakati pa anthu olemera kwambiri mu America koma ikuwola aliyense akuona.

Pa nthawi yomweyi panalowa alendo amene omanga aja sakanawalota. Mu 1979 kunali mlandu wotchedwa Callahan v. Carey, ndipo mgwirizano umene unatsatira mu 1981 unakakamiza mzinda wa New York kupereka pogona kwa mwamuna aliyense wosowa pokhala, kenako anawonjezera amayi ndi mabanja. Ndiye mzinda unayang'ana uku ndi uku kuti anthu onsewa tiwagoneka kuti, n'kuona zinyumba zija zangokhala. Ma armory ambiri anasanduka malo ogona. Ku Fort Washington Avenue kumtunda kwa Manhattan amuna mazanamazana ankagona pa mabedi ondandalika pa holo yogubira, malo oti anthu ambiri ankawaopa kuposa kugona panja. Ku Brooklyn ya pa Bedford ndi Atlantic mpaka pano ndi malo ogona amuna. Ndipo pa Park Avenue pomwe, m'zipinda zam'mwamba, anaikamo amayi osowa pokhala. Alipo mpaka lero, pafupifupi 80, ambiri ndi achikulire amene akuvutika ndi matenda a maganizo, ndipo amawayang'anira ndi a Lenox Hill Neighborhood House. Anthu ambiri obwera kudzaonera zisudzo pansi sadziwa n'komwe kuti pamwamba pa mitu yawo pali wina amene katundu wake yense ali mu loko imodzi.

Amene anaidzutsa nyumbayi ndi anthu a ndalama omwewo, a m'badwo wina. Wade Thompson, wobadwira ku New Zealand amene analemera ndi bizinesi ya ma kalavani, pamodzi ndi Elihu Rose ndi anzawo anapanga bungwe, anakoka zingwe kwa zaka zambiri, mpaka mu 2006 boma linawapatsa nyumbayo pa lendi ya zaka 99. Asilikali opuma a gululo sanakondwe, anati akulandidwa nyumba imene makolo awo anamanga ndi ndalama zawo, nkhani inafika kukhoti koma sizinawayendere. Anaitana akatswiri a mapulani a ku Switzerland, Herzog & de Meuron, ndipo chimene ndimawayamikira ndi choti sanayese kuipanga kuti ioneke yatsopano. Amachotsa penti ndi litsiro pang'onopang'ono mpaka apeze zimene zinali pansi, pamene pawonongeka amakonza koma osabisa kuti nyumbayi yakalamba. Veterans Room anaitsegulanso mu 2016. Holo yaikulu ija tsopano ili ndi dzina la Thompson, poti amene wagula ng'oma ndiye amatchula nyimbo.

Zimene zimachitika mu holomo masiku ano zina ndi zodabwitsa zina ndi zamisala basi. Mu 2007 Aaron Young analowetsamo njinga zamoto kuti matayala ake ajambule pa matabwa opakidwa penti. Mu 2011 a Royal Shakespeare Company anabwera kuchoka ku England n'kumanga holo yawo yonse ya zisudzo mkati mwa holo imeneyi, ndipo apa ndimaseka ndekha, poti gulu limene linawombera anthu chifukwa cha mkangano wa Shakespeare mu 1849, nyumba yake inadzakhala yochitiramo Shakespeare wa angelezi omwewo. Mu 2012 Ann Hamilton anapachikamo makatungwe ambirimbiri ndi chinsalu choyera chachikulu pakati, akuluakulu a masuti n'kumakwera katungwe ngati ana.

Koma chimene chinandikhudza ine chinali cha mu December 2018, pamene William Kentridge wa ku South Africa anabweretsa sewero lake la The Head & the Load, nyimbo zake za Philip Miller ndi Thuthuka Sibisi. Nkhani yake ndi ya anthu a mu Africa amene ananyamula katundu pa nkhondo yoyamba ija, amtengatenga. Siteji yake inali yaitali kwambiri, anthu akudutsa ndi katundu pamutu, zithunzithunzi zawo zikukula pakhoma kumbuyo mpaka kuposa eni ake. Kwa ambiri amene anakhala nane pamenepo inali mbiri yachilendo imene akuimva koyamba. Kwa ife ndi nkhondo ya chiwaya imene agogo ankaitchula, pamene ku Nyasaland kokha anthu pafupifupi 200,000 anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali kulowera ku Karonga ndi kupitirira, ambiri osabwerako chifukwa cha njala ndi matenda, ndipo mayina awo sali pa chipilala cha mkuwa chilichonse m'mbali mwa paki. Ndinakumbuka kalata ya John Chilembwe ya mu November 1914 yopita ku Nyasaland Times, imene atsamunda anaitsekereza, mmene ananena kuti olemera, eni mabanki, eni masitolo ndi eni minda ndiwo apite akawomberedwe, osati munthu wosauka amene alibe kalikonse ndipo akafa amangosiya amasiye. Mfundo yake ndi yomwe ija ya madola 300 a mu 1863. Ndiye kukhala pa mpando mu holo ya ana a eni mabanki n'kumaganiza mawu amenewo, thupi linachita tsembwe, sindinama.

Komabe ndisakunamizeni kuti nyumbayi tsopano ndi ya aliyense. Khomo ndi lotsegula inde, ana a sukulu za boma amabwera nawo ku mapulogalamu, koma amene amasankha zochitika, amene mayina awo ali pakhoma, amene amabwera ku chionetsero cha mipando chija, ndi anthu a m'dera lomwelo. Inamangidwa ndi opata, inawola pamene opata anaitaya, inadzuka pamene opata anaifunanso. Ngakhale ana a Knickerbocker Greys, kagulu ka ana oguba kamene kakhala mmenemo kuyambira kumayambiriro kwa m'ma 1900, mu 2022 anauzidwa kuti atuluke m'kachipinda kawo ndipo nkhani inakafika kukhoti. Amenewo ndiye anali ena mwa otsala oguba mwa mwambo wakale uja.

Kuti muone kuti nkhani ndi ya thumba, kwerani sitima ya nambala 4 kuchoka ku Lexington Avenue kulowera kwathu ku Bronx, mutsike pa Kingsbridge Road. Musanatsike n'komwe mudzaiona pawindo, Kingsbridge Armory, nsanja ziwiri zozungulira ndi chidenga chosatha. Inamalizidwa mu 1917, holo yake ndi yaikulu kuposa katatu ya pa Park Avenue, ndipo ambiri amati ndi armory yaikulu kwambiri padziko lonse. Asilikali anachoka m'chinyumba chachikulucho m'ma 1990, mzinda unaitenga mu 1996, ndipo kuyambira pamenepo ndi malonjezo okhaokha. Mu 2009 panali pulani yoti ikhale shopping mall, anthu a m'deralo ndi mabungwe a ogwira ntchito anati chabwino koma olembedwa ntchito mmenemo azilandira osachepera madola 10 pa ola, omanga anakana, khonsolo ya mzinda inaikana pulaniyo. Ena mpaka lero amati anthu a ku Bronx anadzimana okha ntchito, ine ndimati kupempha madola 10 pa ola mu New York sikunali kupempha mwezi wakumwamba. Mu 2013 kunabwera ina yoti muikidwe mabwalo 9 a masewero a pa ayezi, ndi Mark Messier katswiri wa hockey ali kutsogolo, m'dera limene ana ambiri amasewera baseball ndi basketball, ndalama sizinapezeke ndipo pofika 2021 inafa. Mu 2023 mzinda ndi boma la State analonjeza madola 200 miliyoni, mu 2025 anasankha omanga ena atsopano.

Ya ku Fort Washington ija inachita mwayi wina, holo imene munkagona anthu mazanamazana tsopano ndi bwalo lothamangirapo la m'nyumba, ana a masukulu a sekondale amadzaza mmenemo nyengo yozizira ndipo mpikisano wa Millrose Games unasamukira kumeneko mu 2012. Imeneyo ndiye ndimaiona kuti anthu wamba anaitengadi. Ya ku Kingsbridge anthu a m'derali akufuna malo a masewero a ana, malo a mabizinesi ang'onoang'ono, ndi ntchito zolipira zoti munthu n'kukwanitsa lendi. Amayi ogulitsa zipatso ndi zovala m'mbali mwa mpanda wake pa Kingsbridge Road nkhawa yawo ndi ina, akuti ikadzakonzedwa lendi ya dera lonse idzakwera ndipo oyamba kuthamangitsidwa pamenepo adzakhala iwowo.